Mwana akuvutitsidwa ndi anzake ku pulayimale: timusamutse sukulu? Mafunso ndi mayankho

Makolo ambiri amafika pa funso limeneli atatopa kale. Mwana walira, makope ang'ambidwa, kusukulu mwapitako, koma zinthu zili chimodzimodzi. M'munsimu muli mafunso amene makolo ndi olera ana amakonda kufunsa, ndipo mayankho ake akutsata mmene sukulu za pulayimale za kuno ku Malawi zimayendera.

Kodi zimenezi si chibwana chabe? Ana amayambana tsiku ndi tsiku.

Amayambanadi, ndipo si ndewu iliyonse imene ili nkhani yosamutsira mwana sukulu. Ana awiri amsinkhu umodzi akalimbirana mpira pa buleki, mawa lake muwapeza akugawana chinangwa. Kupezerera n'kwina. Kumachitika mobwerezabwereza, kumachitika mwadala, ndipo wina amakhala ndi mphamvu kuposa mnzake: mwina ndi wamkulu thupi, mwina ali ndi gulu lake, mwina ndi monitala amene amalemba maina a olongolola ndipo aphunzitsi amamukhulupirira.

M'sukulu zathu kusiyana mphamvuku n'kwakukulu ndithu. Mwana amayenera kuyamba Sitandade 1 ali ndi zaka 6, koma ambiri amayamba mochedwa, enanso amabwereza makalasi, moti m'Sitandade 5 mutha kupeza kamwana ka zaka 10 kali pabenchi imodzi ndi mnyamata wa zaka 15 amene ndevu zayamba kumera. Komanso chiyambireni maphunziro aulere mu 1994 makalasi athu anadzaza, ndipo m'sukulu zambiri mphunzitsi mmodzi amayang'anira ana opitirira 100. Zochitika kumbuyo kwa kalasi yotere sangazione, ngakhale atakhala wakhama chotani.

Lipoti la UNESCO la mu 2019 linapeza kuti padziko lonse pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu alionse amavutitsidwa ndi anzake kusukulu, ndipo m'maiko a mu Africa a kumwera kwa chipululu cha Sahara chiwerengerocho chimayandikira theka la ana onse. Kuchuluka kwake kusatipusitse n'kumati palibe vuto. Malungo nawonso ndi ochuluka, koma mwana akatentha thupi timathamanga naye kuchipatala.

Mwana wanga sanena chilichonse. Ndidziwa bwanji?

Ambiri sanena. Ena anaopsezedwa kuti akaulula aona zakuda. Ena amaopa kuti inu mukakakalipa kusukulu, iwo ndiwo atsale pamoto. Ena ndi manyazi chabe. Koma thupi ndi zochita zawo zimaulula. M'mimba mumamupweteka Lolemba m'mawa, Loweruka ali bwinobwino. Amafika panyumba ali ndi njala ya tsiku lonse pomwe munamupatsa mbatata kapena ndalama ya mandasi. Kapu ya phala imangosowa. Zolembera sizikhalitsa, makope amabwera opanda masamba, batani la malaya lathothoka, iye n'kungoti "ndinagwa". Wayamba kuzungulira njira yaitali, kapena kunyamuka mochedwa dala kuti akapeze ena atalowa kale m'kalasi. Ena amayambiranso kukodza pogona atasiya kalekale. Ena amasunga mkodzo mpaka kuweruka chifukwa kuseri kwa zimbudzi n'kumene amawadikirira.

Musamuike pakati ngati ali pabwalo la milandu. Mufunseni manja ali pantchito, mukusenda nyemba kapena muli panjira yopita kuchigayo, ndipo mafunso ake akhale ang'onoang'ono: "Pa buleki umakhala ndi ndani?" "Poweruka umayenda ndi ndani?" "Ndi malo ati pasukulupo amene suwakonda?" Akayamba kulankhula musamudule mawu. Chachikulu, musamufunse kuti "nanga iwe unamuputa chiyani?" Funso limenelo limatseka mwana pakamwa, ndipo kuti adzatsegulenso pamatenga nthawi.

Ndiuzeni mwachindunji: ndimusamutse kapena ayi?

Maso anu asakhale kwambiri pa mwana wovutitsayo. Akhale pa akuluakulu a pasukulupo. Ana opezerera anzawo alipo pasukulu iliyonse, ya boma, ya mishoni, ya pulayiveti. Chimene chimasiyanitsa sukulu ina ndi inzake ndi zimene aphunzitsi amachita akauzidwa.

Ngati ahedi akumvetserani, aitana makolo a mwana winayo, asintha pokhala ana m'kalasi, aika mphunzitsi woyang'anira pa buleki, ndipo akukuuzani okha mmene zikuyendera, mwana wanu ali pasukulu yoti angathe kukhalapo, ngakhale vutolo lisanatheretu. Koma ngati mwakadandaula n'kuuzidwa kuti "ndi ana awa, asiyeni", kapena "mwana wanuyunso ndi wofooka", kapena mwalonjezedwa zinthu zimene sizichitika, ndiye kuti pasukulupo palibe womuteteza. Musamutseni, ndipo musadziimbe mlandu.

Sindinena kuti kusamutsa kukhale koyambirira, chifukwa nakonso kuli ndi mtengo wake. Mwana amasiya anzake ochepa amene anali nawo, amasiya mphunzitsi amene ankadziwa pamene iye amavutika pa masamu, n'kukakhala mlendo. Ndipo kulikonse mlendo ndi amene ana amayamba kumuyesa kuti aone ngati ali wolimba.

Pali nthawi yoti sindiyenera kudikira n'komwe?

Ilipo. Ngati mwana wavulazidwa mpaka kufunika kuchipatala, ngati waopsezedwa ndi mpeni, lezala kapena chida china, ngati wagwidwa malo obisika kapena kukakamizidwa zogonana, ngati wayamba kunena kuti bola kufa kapena kudzivulaza yekha, mawa asapite kusukuluko. Kujomba masiku angapo si kanthu poyerekeza ndi zimenezi.

Zikafika pamenepa nkhani yachoka m'manja mwa ahedi okha. Kupolisi kuli ofesi yothandiza anthu ochitidwa nkhanza, ya Victim Support Unit. M'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe muli malo a Chikwanekwane, kumene achipatala, apolisi ndi a zachisamaliro cha anthu amathandiza mwana pamalo amodzi. Nambala ya 116, imene bungwe la YONECO limayendetsa, ndi yaulere ndipo mwana yekha atha kuimba. Ngati wagwiriridwa, mufike naye kuchipatala maola 72 asanathe, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa m'nthawi imeneyo. Musaganize kuti izi zimagwera atsikana okha: kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2013 anapeza kuti mtsikana mmodzi mwa asanu ndi mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri anachitidwapo nkhanza zogonana asanakwanitse zaka 18.

Mwana wolankhula zofuna kufa musamukalipire kapena kumuuza kuti akulaula. Khalani naye pafupi, bisani mankhwala a mbewu ndi a makoswe, ndipo pitani naye kuchipatala cha boma cha m'boma lanu mukafunse oona za matenda a maganizo. Ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kulinso a St John of God.

Ndikapita kusukulu ndikaone ndani, ndipo ndikanene chiyani?

Musanapite, tengani kope mulembe: tsiku, malo, chimene chinachitika, amene anachita, amene anaona. Kholo lofika ndi mawu oti "mwana wanga akuvutitsidwa" limayankhidwa kuti "tiona". Kholo lonena kuti "Lachitatu poweruka anamulanda chikwama pamlatho, Lachisanu anamumenya kuseri kwa Sitandade 6, ndipo malaya ake ndi awa" ndi lovuta kulibweza chimanjamanja. Ngati munapita kuchipatala, tengani buku lake lakuchipatala.

Yambani ndi mphunzitsi wa kalasi. Mupiteko modzichepetsa koma mosagwedezeka, ndipo musamulankhule pamaso pa ana. Kumbukirani kuti mwina sakudziwa n'komwe. M'malo mongofunsa kuti "muchitapo chiyani?", pemphani zinthu zooneka: mwana asinthidwe pokhala, akhale pafupi ndi kutsogolo, ngati kalasiyo ili ndi A ndi B, mmodzi apite kwina, pa buleki ndi pamzere wa phala pakhale wamkulu woyang'anira, mwana adziwe mphunzitsi mmodzi amene angamuthawire nthawi iliyonse. Pomaliza gwirizanani tsiku lodzakumananso.

Zikakanika, pitani kwa ahedi, ndipo ulendo uno mupereke kalata, inu n'kusunga ina yofanana nayo. Pamwamba pa ahedi pali a PEA, mlangizi wa sukulu zonse za m'zoni, amene ofesi yawo imakhala pa TDC, likulu la aphunzitsi a m'zoniyo. Pamwamba pa iwo pali ofesi ya zamaphunziro ya m'boma, imene ambiri timangoti kwa a DEM. Pambali pa njira imeneyi pali komiti ya sukulu, PTA ndi amayi a mother group. Amayiwa musawaderere. Amadziwa makomo a ana onse, amalowa pamene mphunzitsi sangalowe, ndipo nkhani za atsikana, monga kusekedwa pamene yunifolomu yathimbirira ali kumwezi, iwo ndiwo amazitha bwino.

Ngati kuvutitsako kukuchitikira panjira, ahedi ena amati zimenezo si za sukulu. Musavomere msanga, poti anawo ndi ophunzira awo ndithu. Komabe apa mfumu ya m'mudzi, kapena mfumu ya m'dera lanu ngati muli m'tauni, imathandiza kwambiri. Mu February chimanga chikatalika, tinjira todutsa m'minda timabisa zambiri, ndipo mawu a mfumu oti ana aziyenda m'magulu amamveka kuposa kalata ya ku ofesi.

Ndidikire nthawi yaitali bwanji?

Palibe lamulo pa zimenezi. Kwa ine, masabata awiri kapena atatu ndi okwana kuona ngati sukulu yayamba kuchitapo kanthu, ndipo teremu imodzi ndi yokwana kuona ngati zimene achitazo zathandiza. Chaka chathunthu n'chachitali kwambiri kwa mwana wa zaka 8. Wokuuzani ngati zinthu zasintha ndi mwanayo, osati ahedi: akudya, akugona, akudzuka m'mawa osakokedwa?

Bambo ake akuti abwezere basi, mwamuna salira. Akulakwa?

Mawuwa amachokera m'chikondi, chifukwa palibe bambo amene amafuna kuti mwana wake akhale chopondera cha anzake. Koma taganizirani amene tikumutuma kukabwezerayu. Anamusankha dala chifukwa ndi wamng'ono, kapena ali yekha pomwe iwo ali anayi. Akayesa n'kugonja, amabwera kunyumba ndi mabala awiri, lina la kumenyedwa, lina lodziona kuti wakhumudwitsa bambo ake. Kuyambira pamenepo sanenanso. Akapambana, kawirikawiri ndi iye amene amagwidwa, chifukwa mphunzitsi amaona chibakera chomaliza, osati miyezi imene yapitayo.

Zimene bambo angamuphunzitse zilipo: kuima chilili, kuyang'ana munthu m'maso, kunena mokweza kuti "ndisiye", kuchoka pamalopo kupita pamene pali akuluakulu, kudziphimba ndi kudzipulumutsa akagwidwa. Ndipo bambo akaonekera okha pasukulu, kumuperekeza masiku angapo, ana onse amadziwa kuti uyu ali ndi eni ake.

Ndipite ndekha kwa makolo a mwana wovutitsayo?

Ngati mumadziwana ndipo ndi anthu omva, zimatheka, makamaka kumudzi kumene mumakumana pamaliro ndi pamjigo. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe. Koma musapite mtima uli m'mwamba, ndipo musapite nokha. Tengani wa komiti ya sukulu kapena mkulu wa mpingo. Mwana wa eni musamugwire, musamudikirire panjira kuti mumuopseze. Mukatero mlandu umatembenuka n'kukhala wanu.

Dziwaninso kuti ena mwa ana amenewa amamenyedwa kwawo, ndipo mukakanena, amakwapulidwa usiku womwewo, mawa n'kudzabwezera pa mwana wanu. N'chifukwa chake kukumanirana ku ofesi ya ahedi kumakhala bwino kuposa kugogoda pakhomo.

Bwanji achoke mwana wanga, wolakwayo n'kutsala?

Funso limeneli limapweteka, ndipo mukulondola kuti si chilungamo. Koma dziwani mmene malamulo alili. Lamulo la zamaphunziro la mu 2013 limati maphunziro a pulayimale m'sukulu za boma ndi aulere komanso okakamiza kwa mwana aliyense wosakwana zaka 18. Wovutitsayo ndi mwananso, choncho kumuchotseratu sukulu si chinthu chimene ahedi angachite mwachisawawa. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010 nalonso limatsamira pa kukonza mwana wolakwa m'malo momulanga ngati munthu wamkulu, ndipo mwana wosakwana zaka 10 saimbidwa mlandu kukhoti.

Mutha kumenyera chilungamo mwana wanu ali kale pamalo otetezeka. Kumusiya m'kalasi imene akuopa pofuna kuti olakwa asaoneke ngati apambana ndi kumulipiritsa iye ngongole ya akuluakulu.

Kodi kumusamutsa si kumuphunzitsa kuthawa mavuto?

Zimatengera mmene mwachitira. Mwana amene waona makolo ake akupita kwa aphunzitsi, kwa ahedi, kwa a PEA, kenako n'kumuuza kuti "tayesa, sanatithandize, ndiye tikukupititsa pamalo abwino", saphunzira kuthawa. Amaphunzira kuti akanena amamveka, ndi kuti munthu sayenera kukhala pamene akuzunzidwa. Mtsikana amene waphunzira zimenezi ali ndi zaka 9 zidzamuthandiza ali ndi zaka 25.

Chofunika n'kumuuza momveka kuti sakuchoka chifukwa iye walakwa. Ana amakonda kudzitengera mlandu. Mukangomusamutsa mwakachetechete, mumtima mwake amati ndine wovuta, ndawonongetsa ndalama za makolo anga.

Nanga akakavutitsidwanso kusukulu yatsopanoyo?

Zimachitika, ndipo ndi bwino kuziganizira musanasamuke. Dzifunseni kuti akumuvutitsa pa chiyani. Ngati ndi kagulu kamodzi kamene kanangomusankha, kusamuka kumathetsadi nkhani. Koma ngati akumutonza chifukwa cha chinthu chimene apite nacho, monga chibwibwi, khunyu, kulumala, kalankhulidwe ka kwawo, umasiye kapena umphawi, ndiye kuti sukulu yatsopanoyo muisankhe mosamala koposa, chifukwa kungosintha yunifolomu sikukwanira.

Ana achialubino nkhani yawo ndi yapadera. Kuyambira cha mu 2014, pamene kuphedwa ndi kubedwa kwa anthu achialubino kunachuluka m'dziko muno, mawu amene ana ena amawakuwiza, oti "ndalama" kapena "makobiri", si nthabwala. Amanena za imfa, ndipo mwanayo amadziwa. Kwa mwana wotere, sukulu yakutali imene njira yake imadutsa patchire ikhoza kukhala yoopsa kuposa imene akuchokayo. Musanasankhe, lankhulani ndi a bungwe la APAM, loimira anthu achialubino, ndi apolisi a m'dera lanu, ndipo funsani ngati sukuluyo idzamulola kuvala chipewa ndi malaya a manja aatali, ndi kukhala kutsogolo popeza maso ake saona patali.

Kwa mwana wolumala, wosamva kapena wovutika kuona, funsani a PEA kuti ndi sukulu iti m'zoni kapena m'boma lanu imene ili ndi resource centre, malo othandizira ana aulumali pamaphunziro, ndi mphunzitsi amene anaphunzira za ana otere, monga amene amachokera ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu. Mwana amene akumwa ma ARV ndipo chinsinsi chake chinaululika, kusamuka kumamupatsadi poyambira patsopano. Kusukulu yatsopanoyo inu ndi iye ndinu amene musankhe woti adziwe.

Sukulu yatsopano ndiione bwanji kuti ndi yabwino?

Pitaniko nthawi ya buleki, osati m'mawa ana ali pamzere. Imani pambali muone. Kodi pabwalo pali mphunzitsi, kapena onse ali mu ofesi? Ana ang'onoang'ono akusewera momasuka, kapena aunjikana pakhomo la kalasi? Zimbudzi zili poonekera, kapena kuseri kwenikweni kumene wamkulu safikako? Pamzere wa phala, akuluakulu akukankha ang'ono popanda wowaletsa?

Kenako funsani ahedi funso limodzi: "Mwana akamavutitsidwa ndi anzake pano mumatani?" Akakuyankhani kuti "pano zimenezo kulibe", chenjerani. Hedi wabwino amati zimachitika, n'kukufotokozerani zimene anachita ulendo wapitawo. Funsaninso amayi ogulitsa mandasi ndi zigege pageti. Amaona zonse ndipo alibe chifukwa chokometsera.

Musaiwale zinthu za tsiku ndi tsiku. Mtunda ndi wautali bwanji kwa miyendo ya mwana, ndipo mvula ikagwa mtsinje umawolokeka? Ngati ndi pa kabaza kapena minibasi, ndalama yake muikwanitsa mwezi ndi mwezi, mafuta akakwera? Ngati sukulu yakaleyo inali ndi phala la Mary's Meals kapena la bungwe lina, yatsopanoyo lilipo? Kwa mabanja ambiri phala limenelo ndilo chakudya cha m'mawa. Ndipo ngati pali mwana ngakhale mmodzi yekha amene mwana wanu akumudziwa kumeneko, wa kutchalitchi, kumadrasa kapena msuweni wake, chimenecho n'chamtengo wapatali kuposa mpanda wa njerwa.

Ndikongole ndalama ndimupititse ku pulayiveti?

Makalasi ang'onoang'ono amathandiza, poti mphunzitsi amaona zambiri. Koma fizi siigula khalidwe. Kumenekonso ana amatonzana, kungoti zifukwa zimasintha: nsapato, chakudya chimene watenga, galimoto imene yamusiya pageti. Sukulu zambiri za pulayiveti zimaphunzitsa m'Chingerezi kuyambira makalasi oyambirira, moti mwana wochokera kusukulu ya boma atha kusekedwa pa kalankhulidwe, kapena kuuzidwa kuti abwerere kalasi imodzi m'mbuyo. Funsani zimenezi musanalipire, ndipo funsaninso ngati sukuluyo inalembetsedwa ku Unduna wa Zamaphunziro.

Werengerani ndalama za chaka chonse, osati za teremu yoyamba yokha. Mwana wobwezedwa pageti chifukwa cha fizi, kenako n'kubwerera kusukulu yomwe anathawa ija, amakhala pamavuto oposa oyamba.

Ali mu Sitandade 8. Ndingamusamutsebe?

Apa yendani pang'onopang'ono. Mayeso a PSLCE mwana amalembetsa ku MANEB kudzera pasukulu yake, miyezi ingapo mayesowo asanafike, ndipo dzina lake limakhala pa senta imeneyo. Komanso ana opita ku CDSS, sekondale zoyendera za m'madera, amasankhidwa kuchokera m'sukulu za pulayimale zozungulira CDSS imeneyo, choncho kusintha pulayimale kutha kusinthanso sekondale imene angapite. Musanachite chilichonse, khalani pansi ndi ahedi a sukulu zonse ziwiri, ndipo ngati kalembera wachitika kale, mufike ku ofesi ya zamaphunziro ya m'boma mukamve ngati angathe kuphunzirira kwina n'kudzalembera kumene analembetsa.

Ngati kwatsala miyezi yochepa ndipo moyo wake suli pachiopsezo, nthawi zambiri ndi bwino kumutchinjiriza kuti amalize: kumuperekeza, kumusintha kalasi, kumuchotsa pa makalasi a madzulo kapena ogonera pasukulu ngati vuto lili kumeneko. Koma mayeso amalembedwanso chaka china. Ngati zafika pa zoopsa zija tatchula pamwambapa, mayeso asakuimitseni.

Kwathu sukulu ndi imodzi yokha. Ndimutumize kwa achibale?

Mabanja ambiri amatero, ndipo ana ambiri aphunzira bwino ali kwa azakhali kapena kwa amalume awo. Koma tinene zoona: enanso amakasanduka antchito. Amadzuka ndi kutunga madzi, kulera makanda, kugulitsa pamsika, n'kumafika kusukulu atatopa, ndipo sangadandaule chifukwa akudya za eni. Mtsikana amakumananso ndi zoopsa zina m'nyumba imene mulibe mayi ake.

Ngati njira ndi yomweyi, sankhani nyumba osati chifukwa ili pafupi ndi sukulu yabwino yokha, koma chifukwa mukumudziwa bwino munthu amene azimulera. Kambiranani poyera za ntchito zimene azigwira ndi thandizo limene inu muzitumiza. Muzilankhula naye pafoni iye ali payekha, ndipo muzipitako osanena. Mwana wa Sitandade 1 kapena 2 ndi wamng'ono kwambiri kuti achoke pa mayi ake chifukwa cha nkhani imeneyi. Kwa iye limbanani ndi sukulu yomweyo kudzera kwa mfumu, komiti ndi a PEA.

Bwanji ngati womuvutitsayo ndi mphunzitsi?

Kumutcha mbuli pamaso pa anzake, kumupatsa dzina lomunyoza limene kalasi yonse yatengera, kumukwapula, kumutuma ntchito kunyumba kwake: zonsezi n'zosaloledwa, ndipo Unduna wa Zamaphunziro unaletsa kukwapula ana m'sukulu. Apa musayambire kwa mphunzitsiyo. Pitani kwa ahedi, ndipo akayamba kumuikira kumbuyo, pitani kwa a PEA. Ngati ndi zokhudza kugonana, pitani kupolisi tsiku lomwelo, ndipo musalole zokambirana kuti nkhani ithere pasukulu.

Nanga za pafoni? Kusamuka kungathandize?

Pang'ono chabe. Ana a makalasi akuluakulu m'tauni ali m'magulu a WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo chithunzi chomunyoza chimamutsatira kulikonse. Jambulani mauthengawo musanawafufute, muwaonetse ahedi ndi makolo a anawo. Lamulo la mu 2016 loona za intaneti limaletsa kuzunza munthu kudzera pa makina otere. Musamulande foni ngati chilango, chifukwa ulendo wina adzabisa.

Mwanayo akukana kusamuka. Ndimukakamize?

Mumve kaye chifukwa chake. Mwina ali ndi mnzake mmodzi amene safuna kumusiya, mwina ali mu timu ya mpira kapena kwaya, mwina akuopa kuti kwinako kukakhala koipa koposa. Zimenezi ndi zifukwa zenizeni. Pitani naye akaione sukuluyo, akaone kalasi ndi mphunzitsi wake. Ngati sali pangozi, maganizo ake alemere kwambiri, chifukwa mwana wovutitsidwa walandidwa kale mphamvu zambiri, ndipo kumusamutsa mosamufunsa ndi kumulanda zotsalazo. Ngati ali pangozi, chiganizo ndi chanu, koma mumufotokozere.

Tagwirizana kuti asamuke. Tiyambire pati?

Yambani ndi sukulu yatsopano, mumve ngati malo alipo, musanakatenge kalata ya transifa kwa ahedi a sukulu yakale. Tengani masukulu lipoti a materemu apitawa. Onetsetsani kuti dzina la mwana ndi tsiku lake lobadwa zalembedwa chimodzimodzi paliponse, kuti zisadzavute polembetsa mayeso. Ngati n'kotheka, ayambe kumayambiriro kwa teremu, makamaka mu September chaka cha sukulu chikamayamba, pamene alendo amakhala ambiri ndipo iye saonekera. Yunifolomu ikhale yokonzeka tsiku loyamba, ngakhale ya pakaunjika, kuti asasiyane ndi anzake.

Ahedi ndi mphunzitsi wa kalasi auzeni zoona za chimene mwasamukira, mwamseri, ndipo apempheni kuti zisafike kwa ana. Pemphani kuti amupatse mnzake wodekha woti azikhala naye masabata oyambirira. Kusukulu yakale siyani kalata yonena chifukwa chimene mwachotsera mwana, ina ipite kwa a PEA, chifukwa gulu lija likasowa wanu lipeza wina.

Musayembekeze kuti asintha tsiku limodzi. Mwana amene wakhala mwamantha nthawi yaitali atha kupitiriza kudzidzimuka, kukwiya msanga kapena kukana kucheza, ngakhale pamalo abwino. Ena amayamba kuvutitsa ang'ono awo kunyumba. Pitirizani mafunso ang'onoang'ono aja, ndipo pakatha masabata awiri mukaonane ndi mphunzitsi wake, ngakhale zonse zikuoneka kuti zili bwino. Teremu ikatha iye akadali wosagona, wosadya kapena wolira m'mawa, imbani 116 kapena pitani ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya m'boma lanu mukapemphe mlangizi wa ana.